Dzanja la Waisoni

Panali munthu wina wa ku Ntcheu, dzina lake Layitoni, amene kusukulu ankatchuka ndi Chingerezi. Akamuuza kuti alembe chimangirizo chofotokoza msika, iye ankayambira kutali: kutuluka kwa dzuwa, kulira kwa mbalame, ubwino wa dziko lathu. Belu linkalira asanafike n'komwe pamsikapo. Mawu ataliatali ankawatola m'mabuku n'kuwasunga pamtima, ndipo anzake ankamuombera m'manja. Aphunzitsi ake, anthu otopa ngati ine ndemwe, ankangoona masamba odzaza n'kuchonga. Palibe anamufunsapo kuti nanga msikawo uli kuti.

Atakula anapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo anatenga mng'ono wake Waisoni. Ankagona chipinda chimodzi, kudyera mbale imodzi. M'dziko la eni lija, m'bale wa Waisoni anali Layitoni yekha basi.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina Waisoni sanabwerere kuchokera kuntchito. Kunamveka kuti galimoto yonyamula aganyu yagubuduzika pamsewu waukulu, ndipo ovulala awamwaza m'zipatala zosiyanasiyana. Waisoni analibe pepala lililonse m'thumba. Anthu olowa m'dziko mozemba amayenda opanda dzina, kuopa kugwidwa.

Layitoni anathamangira kuchipatala chachikulu cha kufupi. Pakhomo anapeza namwino, mayi wachikulire, anthu atamuunjirira ngati ntchentche. Namwinoyo anamuuza m'Chingerezi kuti ovulala osadziwika alimo ambiri, ena sakulankhula, nkhope zawo zatupa ndipo zakutidwa ndi mabandeji. Kulowa kunali koletsedwa. Koma anati amufotokozere mmene m'bale wakeyo alili, iye akamuyang'ane.

Apa ndiye panali pa Chingerezi chija. Layitoni anakonza kukhosi, nayamba monga ankayambira kusukulu. Ananena kumene Waisoni anabadwira ndi kuti ndi mwana wachingati m'banja. Anati ndi mnyamata wolimbikira ntchito, woopa Mulungu, waulemu kwa akulu ndi ana omwe, wa mtima wofewa, nyenyezi ya banja lawo. Mawu ankatuluka osalala, olemera, ena mwina namwinoyo anali asanawamvepo chibadwire. Pambuyo pake anthu ankakankhana, wina akulira, wina akutukwana.

Namwino anamudula pakamwa. "Bambo, zimenezo sindingazione pabedi. Ali ndi chiyani pathupi chimene ena alibe?"

Layitoni anadziwa yankho nthawi yomweyo. Waisoni ali wamng'ono anagwera pamoto atagwidwa ndi khunyu, ndipo dzanja lake lamanzere linapsa, zala ziwiri n'kumatirirana. Koma kwawo dzanja limenelo silinkatchulidwa. Mayi awo ankamenya mwana aliyense woliloza, ndipo Waisoni mwiniwake ankalibisa m'thumba. Kulitchula pagulu, pamaso pa alendo, kunali ngati kumuvula m'bale wake. Komanso mawu a dzanja lopsa anamuonekera osauka, osayenera kukhala pafupi ndi mawu okongola aja. Anawameza. Anangoti Waisoni ndi wamtali pang'ono, wakuda, wooneka bwino.

Namwino analowa, sanachedwe, anatuluka. Anati onse ali momwemo ndi amtali pang'ono ndi akuda, choncho akayese zipatala zina. Kenako anatembenukira kwa munthu wotsatira.

Ndiye kuyenda kuja. Layitoni anasiya ntchito, nazungulira chipatala ndi chipatala, polisi akuilambalala chifukwa nayenso analibe mapepala. Paliponse ankalakatula mawu omwe aja, ndipo paliponse ankamupukusira mutu. Nsapato zinatha, thupi linatha. Kumudzi akaimba foni ankanama kuti Waisoni ali kuntchito. Anali ndi mantha, ndipo chisoni chinkamudya.

Mwezi utapita anabwerera kuchipatala choyamba chija, osati ndi chiyembekezo, koma poti kwina kopita kunatha. Anapeza namwino yemwe uja. Mphamvu zokometsera mawu analibenso. Chingerezi chonse cha m'mabuku chinali chitamuthawa, ndipo chimene chinatsala ndi ichi: "Dzanja lamanzere linapsa. Zala ziwiri n'zomatirirana."

Namwino anamukokera pambali namukhazika pabenchi. Anati munthu ameneyo akumukumbukira bwino, chifukwa ndi iye ankamusambitsa. Tsiku limene Layitoni anabwera koyamba, munthuyo anali kuseri kwa khoma lomwelo, akupuma. Anakhala moyo masiku angapo. Nthawi zina ankatsitsimuka n'kulankhula chilankhulo chimene panalibe wochimva, ndipo ankagwa khunyu mobwerezabwereza, madokotala osadziwa kuti matendawo ndi akale kapena abwera ndi ngozi. Atamwalira anamusunga kudikira abale. Abale sanabwere. Boma linakamuika kumanda a anthu osadziwika.

Layitoni anafunsa ngati angakamuonetse mandawo. Namwino anati malowo ndi aakulu, mitumbira ndi yofanana, ndipo iye sanapiteko. Kenako, mwachifundo ndithu, osati momudzudzula, anafunsa: "Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

Mu Chingerezi chonse chimene Layitoni anaphunzira munalibe mawu oyankhira funso limenelo, ndipo mu Chichewa munalibenso. Anakhala pabenchi paja mpaka alonda anamuuza kuti malowo akufunika odwala.

Tsono inu ana, musandiyang'ane ngati ndikukuopsezani. Dzulo ndawerenga zimangirizo zanu, ndipo mutu ukundiwawabe. Ndinati aliyense afotokoze munthu wa kwawo. Nonse amayi anu ndi okongola, olimbikira, oopa Mulungu. Ndikadati ndipite pamsika kukafuna mayi wa mmodzi wa inu, ndikadabwerako chimanjamanja, mwinanso n'kutenga mayi wa eni. Ndakhala ndikunena izi chaka ndi chaka, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mawa mundibweretseranso masamba odzaza ndi mphepo.

Kuyamikira munthu si kumufotokoza ayi. Kufotokoza ndi kutchula chimene diso la mlendo lingaone, chija chimene ali nacho iye yekha, ngakhale chikhale chosakongola, ngakhale mawu ake akhale aafupi ngati a mwana wa sitandade wani. Chitchuleni poyamba, ndipo mukachitchula imani. Womvera wanu ali ndi anthu ena pamzere, sadzakudikirani. Tengani zolembera, mufufute zonse zimene sindingazione ndi maso. Chimene chitsalepo, ngati chilipo, ndiye m'bale wanu.