Khobidi la pa Denga

Panali munthu wina, telala wa pakhonde la sitolo, amene ankasunga ndalama zakale. Anasoka nsalu yaitali ya timatumba, ndalama iliyonse ndi kathumba kake: tiki, sikisi, sheleni, ndi makhobidi obowoka pakati aja, a njovu ziwiri, a nthawi ya Chitaganya. Anzake ankamuseka kuti munthu wamkulu ndi imvi zake akuweta ndalama yosagula ngakhale mchere. Iye ankadziwa kuti khobidi lililonse linadutsa m'manja mwa anthu amene anatsikira kale kuli chete, ndipo ankalikonda chifukwa cha chimenecho.

Koma kathumba kamodzi kanali kopanda kanthu. Khobidi la 1957, chaka chimene iye anabadwa, analibe. Analifunafuna zaka khumi ndi chimodzi, m'misika, m'maukwati, pamaliro pomwe ankafunsa osachita manyazi. Akatambasula nsalu ija, maso ake sankaona zimene anali nazo. Ankangothamangira pa kathumba kameneko, mtima n'kumuwawa.

Tsiku lina kalipentala wina, atabwera kudzasoketsa thalauza, anamuuza za nyumba ina yakale ya kutsidya la mtsinje. Mwini wake pokhoma malata ankapisa msomali uliwonse m'bowo la khobidi kuti madzi asamalowe. Denga lonse linali makhobidi okhaokha. Telala anavundikira makina ake, nakwera njinga tsiku lomwelo.

Anapeza mayi wamasiye, wolima tomato, wosasunga mawu m'kamwa. Atamva nkhaniyo anamulola kukwera kuti akangoona. Pamwamba paja telala anapukuta khobidi lililonse ndi chala. Ena anakhomedwa chaka chili pamwamba, ndipo pa amenewo lake panalibe. Otsalawo, oposa zana, anaonetsa njovu, chaka chitayang'ana pansi. Kuti munthu adziwe, anayenera kuzula msomali.

"Denga limeneli anakhoma ndi malemu amuna anga," anatero mayiyo. "Lakalamba, misomali ikugwedera, koma likundisunga. Inu mukufuna mulichotse mano?"

"Mayi, pamene ndazula msomali wakale ndikhomapo watsopano, ndi kamphira ka tayala pansi pake."

"Ndimakudziwani anthu ofuna zanu inu. Mukangolipeza mutsika, osatsanzika n'komwe."

"Ndilipeze, ndisalipeze, ndikhoma denga lonse mvula isanagwe."

Mayiyo anamulozera pamene panali makwerero.

Unali mwezi wa Okutobala. Malata ankatentha moti telala ankagwada pa chiguduli. Manja ozolowera singano anatuluka matuza tsiku loyamba lomwelo. Ankazula msomali, n'kutembenuza khobidi, n'kuwerenga chaka, n'kukhoma watsopano. Makhobidi osakhala ake ankawaponya m'kachitini kuti akawapereke kwa mwini nyumba. Walira mvula walira matope, iye sanadandaule.

Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, anatembenuza khobidi lina lakuda bii. Analipukuta ndi malovu. Manambala anatuluka onse anayi, osafufutika ndi pang'ono pomwe. Munthu wamkulu uja anakhala pansi pa malata otentha, osamva kutentha, misozi ili chuchuchu. Zaka khumi ndi chimodzi zinathera m'dzanja lake.

Atapukuta maso anayang'ana denga. Anali atakhoma mizere iwiri yokha, isanu ndi umodzi ikudikira. Mayi uja anali kudimba. Njinga inali pansi pa mtengo, itayang'ana kale njira ya kwawo, kumene mayunifolomu a ana asukulu anali mulu pamakina. Msana unkamuwawa. Ndipo mtima, umene susowa nzeru zikafika potere, unayamba kumunong'oneza kuti sanabowole paliponse, kuti misomali yotsalayo ili monga anaipezera, kuti akatsika palibe chimene wawononga. Zonsezo zinali zoona. Koma kamphepo kanadutsa, ndipo lata la pamwamba pa chipinda chogona linadzuka n'kugwanso, phaa!

Telala anamanga khobidi lija pa mpango, nauika m'thumba la malaya. Anatola nyundo, nasendera pa msomali wotsatira.

Anakhoma Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Tsopano sankawerenganso chaka, ankangozula n'kukhoma. Matuza anaphulika, ena n'kumera pomwepo. Loweruka masana, mitambo itayamba kuunjikana kum'mawa, anakhoma msomali womaliza natsika. Anapereka kachitini ka makhobidi kwa mayiyo.

Mayiyo anamumvera chisoni. "Pepani bambo, sabata yonse mwapsa pachabe. Simunalipeze?"

"Ndinalipeza, mayi."

"Liti?"

"Lachiwiri."

Mayi wapakamwa uja anayang'ana denga, nayang'ana manja a telala, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga masiku onsewa mumafunanso chiyani pamwambapo?"

"Palibe. Ndimakhoma denga lanu."

Abale anga, musafulumire kumutama munthu chifukwa wafunafuna chinthu zaka khumi ndi chimodzi. Aliyense amalimba mtima pamene chake chikadali kutsogolo, ngakhale wakuba amapirira. Khama la telala uja silinayesedwe m'zaka zonsezo. Linayesedwa Lachiwiri masana, chake chili kale m'thumba, popanda womuona. Inunso alipo amene anakulozerani makwerero chifukwa cha mawu amene munanena. Mwina chimene munkafuna munachipeza kale. Musatsike msanga, mizere ya mnzanu ikadalipo.