Pulogalamu ya Mwandida Itagawidwa Pawiri

Kalekale, makompyuta atangofika pa sukulu ina ya ntchito zamanja, panali ana atatu a mimba imodzi: Mwandida, mlongo wake Lonjezo, ndi mng'ono wake Zione. Onse ankaphunzira kulemba mapulogalamu. Mkulu wa kampani ina analonjeza ntchito kwa munthu mmodzi yekha, amene adzalembe pulogalamu yogawira alimi madzi a mthirira.

Mwandida ndiye anailemba. M'mawa ankachapa zovala za anthu, masana n'kukhala pa kompyuta zala zitatuwa ndi sopo. Pulogalamuyo inkayenda ndithu, koma yonse inali mu fayilo imodzi, yopiringizana ngati mizu ya nsungwi.

Mphunzitsi anangoiyang'ana n'kupukusa mutu. "Mayi, ichi sindingachionetse kwa munthu. Gawani pawiri. Fayilo ya mutu izingotchula mayina a ntchito, fayilo ya thupi ndiyo izigwira ntchitozo."

Mwandida sanadziwe podula. Lonjezo anaseka. "Achemwali, mwaunjika mbale, makasu ndi nkhuku m'chipinda chimodzi! Tasunthani." Anatola mayina onse n'kuwaika mu fayilo ya mutu, zotsala mu ya thupi. Pamwamba pa ya mutuyo analembapo dzina lake.

Koma pulogalamu ija inafa. Lonjezo anali atalamula kompyuta kuti iwerenge fayilo ya mutu kawiri, ndiye kompyuta inkakana kuti dzina lililonse latchulidwa mobwereza. Iye anati wamva njala, n'kutuluka. Zione anakhala pampando paja n'kuikapo timizere totchinga kuti fayilo ya mutu iziwerengedwa kamodzi kokha. Pulogalamu inadzuka.

Mkulu uja atabwera anatsegula fayilo ya mutu yokha, poti odziwa amayambira pamenepo. "Zaudongo bwanji izi! Lonjezo ndani?"

Mwandida anaimirira mtima uli m'malere. "Bwana, chilichonse chikuyenda m'menemo ndi thukuta langa."

"Thukuta lanulo aphunzitsi analikana, achemwali," anatero Lonjezo.

"Nonsenu munasiya maliro," anatero Zione. "Wodzutsa ndine."

Mkuluyo anakweza mapewa. "Mpando ndi umodzi. Gwirizanani nokha."

Mwandida anayang'ana ana awiri amene anawabereka kumsana ali makanda. Palibe anagwetsa nkhope.

Tsono inu amene mwamva, musandizungulire ayi. Ntchitoyi apatsidwe ndani: amene analemba chinthu chosaonetseka, amene anachikonza n'kuchipha, kapena amene anachidzutsa ndi timizere tochepa pa ntchito ya eni?