Khasu la Nangozo pa Kasupe

Panali mayi wina, Nangozo, amene ankadana ndi uve koopsa. Pabwalo pake ngakhale kaudzu sikankayerekeza kumera. Ndiye ankatsogolera amayi pokonza kasupe wa mudzi wonse, ndipo ndere zikangomera m'mbali mwa kasupeyo, ankazipala ndi khasu mpaka dothi kufiira psuu. Koma madzi ankangoipiraipira. Mvula ikagwa, dothi linkagumukira m'kasupe, ana n'kumamwa matope.

Tsiku lina kunabwera gulu la anthu ophunzira zomera za m'dziko muno. Mitengo sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada, akuluakulu ndi ndevu zawo, n'kumasuzumira m'ming'alu ya miyala.

"Mwataya chiyani, bambo?" Nangozo anafunsa mmodzi mwa iwo, akuseka.

Bamboyo anamubwereka galasi lokulitsa zinthu. Nangozo anagwada monyinyirika. Abale inu! Chimene ankachitcha nyansi chija chinali nkhalango. Ndere zina zinali ndi timasamba, zina zophwatalala ngati chiwindi, zina zitatulutsa tinyanga. Bamboyo anadontheza madzi pa zouma, ndipo zinatambasuka n'kubiriwira iye akuona. Ananyamula pang'ono m'mphepete: pansi pake dothi linali lonyowa, logwirana.

Mtima unamuwawa Nangozo. Khasu lake lomwe ndilo linkavula kasupe.

Tsiku lokonza litakwana, amayi anafika ndi makasu. Anamupeza atakhala pamwala, miyendo atatambasula.

"Pano sipapalidwanso," anatero.

"Iii, a Nangozo, uve mwauyambira kuukalamba?" anafunsa mnzake wina.

Anamuseka, nkhani mpaka kukafika kumsika. Zinamupweteka, paja ukhondo ndiwo unali mbiri yake. Koma sanasunthe. Tsiku lililonse lokonza ankalawirira pamwala pomwepo. Ndere zinabwerera mwaulesi, mochita kukwiyitsa, iye ali chikhalire.

Patapita nyengo kunagwa chimvula chokokolola minda. M'mbali mwa kasupe simunagumuke. Amayi anatunga madzi oonekera mpaka pansi, n'kusenza mitsuko yawo kubwerera kumudzi.

Inu mukundimvanu, nanunso khasu muli nalo. Pakhomo panu pali kanthu kakang'ono, mwinanso munthu, kamene mumakapala chifukwa sikakongola. Musanakapale, tagwadani muone chimene kakutchinjiriza. Ndipo mukaona, khalani pamwalapo, akusekeni amene akusekeni, chifukwa ana anu akumwa pomwepo.