Kalata Yomwe Dokotala Sanaidikire

Panja pa ofesi ya ophunzira a kafukufuku panali benchi lalitali pomwe anthu ankadikirira siginecha, makalata ndi zidindo. M'katimo munkakhala mayi mlembi, munthu wa mawu ochepa, amene ankasunga ketulo kuseri kwa kabati ya mafayilo. Munthu akakhala pabenchipo kupitirira ola, iwo ankatuluka ndi kapu ya tiyi, kumuikira pambali, n'kubwerera kumpando wawo.

Mmodzi mwa omwe anamwa tiyi ameneyo anali mphunzitsi wa sekondale. Kuntchito anamupatsa zaka zitatu zoti achite digiri yaikulu, osawonjezera ngakhale sabata. Kwawo anali atayamba kale kumutcha Dokotala. Mchimwene wake ndiye anayambitsa mocheza, ati dokotala wosadziwa kubaya jakisoni, koma bambo ake okalamba ankalitchula dzinalo ndi mtima wonse, ngakhale m'pemphero la chakudya.

Kafukufuku wake anali wa anthu omwe ankagwira ntchito pafakitale ya nsalu yomwe inatsekedwa kalekale. Ankafuna kuwafunsa mmene moyo unawayendera geti litatsekedwa. Koma yunivesite inali ndi lamulo: wophunzira asanafunse munthu funso ngakhale limodzi, komiti ione kaye mafunsowo, ione mmene anthuwo adzatetezedwere, kenaka ipereke kalata yodinda. Komitiyo inkakumana kamodzi pa miyezi itatu.

Mu Malichi komiti inabweza mapepala a Dokotala. Sanalembe komwe adzasunge mawu ojambulidwa, ndiponso sananene zomwe adzachite munthu akasintha maganizo n'kufuna mawu ake achotsedwe.

"Mizere iwiri yokha!" anatero Dokotala, akumenyetsa envelopu padesiki la mayi mlembi. "Miyezi itatu chifukwa cha mizere iwiri? Amayi, anthu awa anafunsapo munthu wamoyo, kapena anabadwira m'komiti momwemo?"

"Lembani mizereyo lero, ndikaika pamwamba pa mulu," anayankha mayi mlembi. "Koma kalata isanatuluke, makina anu ojambulira mawu agone m'chikwama, mwanangu."

A Pulofesa, omwe ankayang'anira ntchito yake, ananenanso zomwezo: "Werengani mabuku miyezi itatuyi. Anthu anuwo adikira zaka makumi awiri, Juni sangawavute."

Dokotala anayankha kuti wamva. Koma mumtima anati kalata ndi pepala chabe, idzamupeza m'njira. Lolemba lotsatira anakwera basi, makina ali m'chikwama, mafomu ovomereza ali m'manja.

Anthuwo anamulandira bwino. Ankamupatsa mpando wabwino wa m'nyumba, iwo n'kukhala pa wothyoka. Anafunsa anthu makumi atatu ndi awiri, koma mtima wa ntchito yonse anali mkulu wina wotchedwa Fitala, yemwe ankakonza makina oluka nsalu. A Fitala anayankhula maola atatu. Anafotokoza tsiku lomwe anazimitsa makina omaliza ndi dzanja lawo, n'kuwathira mafuta ngati kuti mawa abweranso. Posainira fomu sanafune kuthandizidwa. Analemba dzina ndi deti ndi zilembo zazikuluzikulu, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu.

"Mayi, m'bukumo mundiike patsamba loyamba," anatero akuseka. "Patsamba lomaliza anthu safikapo."

Kalata inatuluka mu Juni. Mayi mlembi anaiika m'pulasitiki kuti isanyowe ndi mvula, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Tsopano mukhoza kuyamba, mwanangu. Mulungu akutsogolereni."

Anamuyang'ana pang'ono pamwamba pa magalasi, ngati akumupatsa mpata wonena kanthu. Dokotala anangothokoza. Akanabwerera kwa anthu aja nthawi imeneyo n'kuyambiranso, onse anali moyo, ndipo nthawi inalipo yambiri. Koma ndani amalimanso munda womwe waukolola kale? Anakhala pansi n'kuyamba kulemba. A Pulofesa ankaganiza kuti mafunso anachitika mu Julayi, ndipo iye anawasiya aziganiza choncho. Mu Novembala a Fitala anamwalira. Dokotala anapita kumaliro, nalonjeza amayi amasiye kuti mawu a amuna awo sadzafa.

Chaka chachitatu chili pakati, ntchito yake inakaonedwa ndi gulu la aphunzitsi atatu, monga amachitira ndi wophunzira aliyense asanapereke buku lake. Anayamikira mitu isanu yomwe analemba. Kenaka mayi wina wa m'gululo anapempha fayilo ya mafomu ovomereza, n'kuika kalata ya komiti pambali pake. Anatsegula tsamba limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anaima pa zilembo zazikulu za a Fitala.

"Apa palembedwa Epulo," anatero mofatsa. "Kalata yanu ndi ya mu Juni. Tithandizeni."

A Pulofesa, omwe analinso m'chipindamo, anavula magalasi n'kuyang'ana pawindo.

"Palibe yemwe ndinamupweteka," anatero Dokotala. "Onse anavomera okha. Anasaina."

"Anasaina fomu yomwe komiti inaikana," anayankha mayiyo. "Sinkawauza komwe mawu awo akupita, kapena kuti akhoza kuwabweza. Munawalonjeza chitetezo cha yunivesite, yunivesiteyo isakudziwa kuti muli m'nyumba zawo."

Chigamulo chinabwera patatha milungu iwiri. Sanamuchotse sukulu, poti ananena zoona atafunsidwa. Koma zonse zomwe anasonkhanitsa kalata isanatuluke zinayenera kufufutidwa pamaso pa mboni, ndipo mitu inayi mwa isanu ija inagwa nazo limodzi. Akafuna, ayambirenso. Tchuthi chake cha kuntchito chinali chitatsala miyezi isanu. Mwa anthu makumi atatu ndi awiri aja, anayi anali atamwalira, ena atasamukira kwa ana awo kutali.

A Pulofesa sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiuza mu Juni, bwenzi titataya miyezi itatu. Lero tataya zaka ziwiri, ndipo dzina langa lili pansi pa lanu papepala lililonse."

Mboni inali mayi mlembi. Anatseka chitseko kuti a pabenchi asaone, nakhala pambali pake. Dokotala anafufuta mafayilo imodzi imodzi. Atafika pa ya a Fitala, chala chinakana.

"Amayi, iyi yokha. Mwini wake kulibenso. Ndani adzadziwe?"

"Ine ndi inu, ndi Iye amene sagona," anatero mayi mlembi. "Musandipemphe chimenecho, mwanangu. Chinakufikitsani pano ndi chomwechi."

Anaika dzanja lawo paphewa lake mpaka fayiloyo itapita. Kenaka anatenga mafomu kukawaika m'makina odula mapepala, ndipo fomu ya zilembo zazikulu anaitembenuza kuti Dokotala asaione ikulowa. Atabwerera anamuthirira tiyi, n'kuwonjezera shuga kuposa masiku onse.

Miyezi isanu itatha, Dokotala anabwerera kukalasi ndi choko m'manja. Mchimwene wake anasiya nthabwala ija, ndipo kusiyako kunkapweteka kuposa nthabwalayo. Bambo ake okha sanamvetse. Ankafunsabe kuti suti yawo aichapitse liti ya tsiku la mwambo wolandira digiri.

Loweruka lina masana foni inalira. Anali amayi amasiye a Fitala.

"Mayi, pepani kukuvutitsani. Zidzukulu zikundifunsa. Bukulo latuluka? Abambo aja ali patsamba loyamba monga ananenera? Kapena mungotitumizira mawu awo aja, tizimvako. Ine ndayamba kuiwala mmene ankasekera."

Dokotala anakhala pansi pakhonde, foni ili kukhutu. Anathamangira mawu a mkulu uja poopa kuti nthawi imuthera, ndipo liwiro lomwelo ndi lomwe linawataya mawuwo kosabwereranso. Anzake omwe anakhala pabenchi kudikira kalata, akumwa tiyi wa mayi mlembi, anavala mikanjo yawo yolandirira digiri chaka chomwecho. Akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.