Ng'ombe Kumtunda, Mkunga Kumtsinje

Makina osokera a mayi Sabela anali akulira monga mwa masiku onse pamene a Olegario Freixedo, meya wa khonsolo yathu ya Brañadoiro, analowa atakwapatira nsalu kukhwapa. Mayi Sabela anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndipo m'dera lonse ndi iwo okha amene ankatha kuwauza a meya pamaso kuti tsitsi lawo lakudalo linali la m'botolo.

Chinawabweretsa chinali ichi. Makhonsolo onse otizungulira anali ndi mbendera zawo, pakati pake pali chishango chokhala ndi chizindikiro cha dera, koma ife tinalibe. Chisankho chinali chitayandikira, ndipo a Olegario, amene mpando wa umeya unali utawakomera, analonjeza kuti pa tsiku la chikondwerero mbendera idzaoneka pakhonde la ofesi. Kulonjeza sikutulutsa thukuta. Mutu unawawawa atafika pa funso loti pachishangopo pakhale chiyani.

Khonsolo yathu ili ndi maparishi awiri amene anayamba kunyozana kalekale, moti palibe akukumbukira amene anayamba. Akumtunda, a ku San Xiao, amaweta ng'ombe zofiira ndipo amati akumtsinje amanunkha matope. Akumtsinje, a ku Santa Baia, amagwira mikunga ndipo amati akumtunda amanunkha ndowe. Bambo Eladio Couto, amene amayankhulira akumtunda, anawaitanira a meya tchizi ndi vinyo n'kuwauza kuti popanda ng'ombe pachishango, mavoti a San Xiao awaiwale. A meya anavomera tchizi chili m'kamwa. Sabata lomwelo mayi Herminia Lourido a kumtsinje anawakonzera chitumbuwa cha mkunga, n'kunena zomwezo za mkunga wawo. A meya anavomeranso, napempha chitumbuwa china chokadyera kunyumba. Zoti ziwirizi zikhale pa chishango chimodzi kunali bwino osayesa n'komwe, chifukwa mkangano ukanangosamukira pa funso loti pamwamba pakhale ndani.

Amati munthu wa kwathu kuno ukakumana naye pa masitepe sungadziwe ngati akukwera kapena akutsika. A Olegario luso limeneli anayamwira. Iwo ankadziwa kuti pa chikondwerero chilichonse akumtunda amaima kumtunda kwa bwalo, pafupi ndi mpope, akumtsinje amaima kumunsi, pafupi ndi bala, pomwera mowa, ndipo palibe amene amadutsa pakati. Choncho anafuna mbendera ya nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi, mbali ina ng'ombe, mbali ina mkunga, yomangidwa m'mwamba ndi m'munsi kuti mphepo isaitembenuze. Akatswiri a ku likulu ku Santiago ovomereza zizindikiro za makhonsolo, amene sakanalola zoterezi, a meya anati adzawatumizira chojambula chisankho chikadutsa.

Mayi Sabela anaimitsa makina n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Alamu, mbendera si jekete yoti mukhoza kuvala motembenuza. Sankhani chimodzi. Okwiya akwiye lero, pofika Khirisimasi adzakhala ataiwala."

"Inu sokani, alamu. Ndale zisiyireni eni ake."

"Eni ake ndi inuyo? Chabwino. Koma nsalu mwagulayi ndi yopyapyala ngati khoko la anyezi. Ndiikemo ina yokhuthala pakati."

A meya anakana. Anati ikalemera idzaoneka ngati bulangeti loyanika, pamene iwo ankafuna yonyezimira yoti anthu a makhonsolo ena achite nayo nsanje. Mayi Sabela anangoti kukamwa n'kwawo, n'kuyamba kupalasa makina.

Tsiku lija litafika, Misa itatha, oimba zitoliro za thumba anatsogolera anthu kubwalo, ndipo aliyense anapita kumbali ya makolo ake. A meya anatulukira pakhonde atanyamula ndodo yaumeya, n'kukoka chingwe. Nsalu yophimba inagwa. Kumtunda anaona ng'ombe yofiira, yonenepa bwino, naomba m'manja. Kumunsi anaona mkunga wakuda wopindika mwaulemu, naombanso m'manja. Bambo Eladio anavula chipewa n'kuweramira mayi Herminia patali, kudabwa kuti adani awo alandira kugonja ndi mtima wabwino chotere. Mayi Herminia nawo anamwetulira mwachifundo, poganiza kuti akumtunda aja tsopano nzeru zawalowa. Kunena zoona, kwa kanthawi kameneko a Olegario anali munthu wochenjera kuposa wina aliyense m'chigawo chathu chonse cha Galicia.

Akanangothokoza n'kutsika, mwina bwenzi lero akadali meya. Koma munthu akaomberedwa m'manja mbali zonse ziwiri, lilime limatalika. Anayamba ndi mbiri ya Aroma amakedzana, nafika pa misewu imene anakonza, nabwereranso kwa Aroma. Ali mkati moyankhula kunadutsa kamvula kowaza kamene kwathu kuno sitikawerengera ngati mvula. Anthu anangotsegula maambulera, a meya napitiriza. Kenaka mitambo inang'ambika, dzuwa linawomba pa nsalu yonyowa ija, ndipo zonse za kuseri zinaonekera kumaso.

Mkunga uja unatulukira pansi penipeni pa mchira wa ng'ombe, n'kulendewera mpaka m'miyendo.

Ndiye msodzi wina wachikulire wa ku Santa Baia, wosamva bwino, amene amayankhula ngati aliyense ali kutsidya la mtsinje, anafunsa mwaulemu wake wonse:

"A Eladio, kodi ng'ombe zanuzi munazimwetsa liti mankhwala a njoka zam'mimba?"

Akumtsinje anafa ndi phwete, ena mpaka kugwirana mapewa. Kuseka kunatha pamene mayi Herminia anazindikira kuti njoka ikusekedwayo ndi mkunga wawo womwe, ndipo anaona bwino kumene ukuchokera. Anapinda ambulera yawo, nayenda kudutsa pakati pa bwalo kukaona mbendera kuchokera kumtunda. Bambo Eladio anapita kukaionera kumunsi. Anthu anawatsatira, akumtunda kutsika, akumtsinje kukwera, akupatsana njira mwaulemu, chinthu chimene ansembe analalikira zaka zambiri osaphula kanthu. A meya anali akadali pakhonde, pakamwa pali yasa, Aroma atawathawa.

Masana omwewo bambo Eladio ndi mayi Herminia anakhala pa tebulo limodzi m'bala, wina akuti meya wanyoza ng'ombe, wina akuti wanyoza mkunga. Aka kanali koyamba kuti agwirizane pa nkhani, ndipo kunawakomera. Anaitanitsa botolo lina. Pofika madzulo anali atapeza munthu mmodzi woti maparishi onse awiri amuvotere, mayi wina wogulitsa mankhwala amene sadya nyama kapena nsomba.

Ine a Olegario ndinawamvera chisoni, chifukwa sanali munthu woipa, ndipo misewu ija anakonzadi. Akanasankha ng'ombe, San Xiao yonse ikanawanyamula pamapewa. Akanasankha mkunga, Santa Baia ikanawafera. Koma pa tsiku la chisankho mavoti awo anali ochepa moti mayi Sabela anawalangiza kuti asafunse akazi awo amene anamuvotera, kuti banja lisathe.

Masiku ano a Olegario amakhala pabenchi la pabwalo, pakati penipeni. Akumtunda akamadutsa amalira ngati ng'ombe chapansipansi, akumtsinje amawafunsa ngati m'mimba mwakhala bwino. Iwo amavulira chipewa onse, koma palibe mbali imene imawaitanira kapu ya vinyo. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.