Sikelo ya a Chimphonda

M'mudzi monse sikelo inali imodzi, ya a Chimphonda, venda wa mtedza. Thumba la makilogalamu 50 likakwera pamenepo linkasanduka la 40.

Mai Nasimango atayezetsa thumba lawo n'kufuna kubwerera nalo, a Chimphonda analikhalira.

"Thumba likalowa muno silituluka, mayi. Makilo 40."

"Sikelo yanuyi sinama, bambo?"

"Chiigulireni sinanamepo."

"Zakhala bwino. Achimwene anga abwera ndi lole, akufuna mtedza wanu wonse pamtengo wa m'tauni. Tiyezera pomwepa."

A Chimphonda anayang'ana matumba awo makumi atatu, kenako sikelo, kenako alimi amene anali pamzere. Anatsokomola.

"Yayamba kudwala lero lomwe," anatero, akudzuka pathumbapo.

"Pepani ndi matenda," anatero mai Nasimango, akusenza mtedza wawo. "Ikachira mutiuze."