Lamont Anakana Kuwerama

M'khitchini mwa mayi Odessa Gatewood, m'katauni kena ku Mississippi, mbaula sinkazizira. Mwana wawo Lamont ankameza nkhuku yokazinga, nyemba zofiira ndi mkate wa chimanga ngati m'mimba muli dzenje, ndipo mayiwo sankadandaula, poti kwa mnyamata wa pamzere kudya ndi ntchito. Mu mpira wa ku America uja wogundana ndi zipewa zolimba, amuna asanu ojintcha amaima kutsogolo n'kukhala khoma la woponya mpira. Sagoletsa, saomberedwa m'manja. Koma mwa asanuwo wa kumapeto kumanzere ndiye mwini ulemu, chifukwa amalondera kumsana kwa woponyayo, kumene iye saona.

Malo amenewo Lamont anawagwira kuyambira kusekondale mpaka kumaliza koleji. Chimene mtima wake unkalira chinali chimodzi chokha: kutuluka Lamulungu m'bwalo la ligi yaikulu atavala yunifolomu, mayi ake ali pakati pa chinamtindi cha anthu ndi chipewa chawo cha kutchalitchi.

"Tsiku limenelo mudzavale chofiirira chija, Amayi, kuti ndidzakuoneni," ankatero.

"Udzandiona bwanji iwe, maso ali pa mimba ya mnzako? Idya, zikuzizira."

Mwayi unagogodadi. Timu ina ya kumpoto inamusankha, ngakhale kuti kunali kumapeto kwenikweni, ena onse atatengedwa. Kumeneko munthu amamuyeza ngati ng'ombe ya pamsika: msinkhu, chikhatho, mikono. Mikono ya Lamont inapezeka yoperewera pang'ono. Kukoleji zinalibe kanthu, koma kuno anyamata othamangira woponya mpira anali ndi mikono ngati mitengo ya magetsi, ndipo ankamugwira pachifuwa iye asanawakhudze n'komwe.

Kumsasa wokonzekera nyengo ya masewero kumabwera anyamata ambiri, koma pafupifupi theka amabwezedwa kwawo. Tsiku lina masana, thukuta lili kamukamu, mphunzitsi wa apamzere, nkhalamba yotsimphina dzina lake Brubaker, anamuitanira pambali.

"Gatewood, kumanzere kuja kuli mwini wake, ndipo mikono yakoyi sidzakulanso. Koma mutu uli nawo, miyendo uli nayo. Ndikufuna uphunzire za pakati. Uzitsala ena akaweruka, uziwerama n'kumapereka mpira kwa woponya kudutsa m'miyendo mpaka dzanja lizolowere."

"Ine, Kochi? Pakati?"

"Iwe amene. Wodikirira pabenchi amene amatha malo awiri kapena atatu ndiye timamuveka yunifolomu Lamulungu. Wa malo amodzi timamugulira tikiti ya ndege."

Lamont anangoti, "Ndamva, Kochi." Koma anamvera m'khutu lokha. Kuchipinda anauza mnzake wogona naye, Tevita Fonua, mnyamata wa makolo a ku Tonga amenenso anauzidwa zomwezo.

"Aise, ine zaka zonsezi ndakhala ndikulondera msana wa anthu. Lero ndiziwerama, mwamuna mnzanga n'kumandipisa manja kumatako kudikira mpira? Ndi anthu onse a kwathu akuonera pa kanema?"

Tevita anaseka mpaka bedi linalira. "Bwanawe, ine angandiuze kuti ndizitchinga nditaima ndi mutu, ndiima. Bola dzina likhale pachitseko cha kabati ya yunifolomu."

Chinamulimbitsa khosi Lamont chinali foni ya mkulu womufunira ntchito. Mkuluyo, wa pakamwa pothira shuga, anati timu ina ku Florida inkamuyang'ana ndi diso labwino, ndipo ikangomuona ali womasuka idzamutenga pa malo ake enieni a kumanzere. Basi, mawu a m'malere amenewo anamukwanira. Ena akaweruka, Tevita ankatsala padzuwa, chiweramire, mpira ukuuluka mokhota, Brubaker akumukalipira. Lamont ankadutsa ndi thaulo paphewa kupita kukasamba. Nkhalamba ija inamuyang'ana kangapo, kenaka inaleka kumuyang'ana.

Tsiku lochotsa anthu litafika, anamuitana ku ofesi ya kumtunda. Anamuthokoza mwaulemu, monga amachitira, n'kumupatsa thumba lakuda lotayira zinyalala kuti alongezemo katundu wake. Tevita anatsala.

Lamont anabwerera ku Mississippi mutu uli m'mwamba, akuti ndi nkhani ya masabata ochepa. A ku Florida aja anatenga mnyamata wina wa mikono yaitali, ndipo mkulu wa pakamwa pokoma uja anayamba kusowa pafoni. Lamont analowa ntchito yonyamula mipando ndi mafiriji pa kampani yosamutsa anthu. M'mamawa ankanyamula zitsulo m'galaja, madzulo ankadyabe ngati kale kuti thupi lisatsike, ngakhale chakudyacho chinali chitasiya kukoma. Lamulungu akachoka kutchalitchi ankakhala pa kanema, mawu atatsitsa, n'kumaonera Tevita akuwerama pakati pa mzere, akuloza uku ndi uku, anzake anayi akumumvera. Sankamuchitira nsanje. Chinkamupweteka chinali kulakalaka: fungo la udzu wongometedwa, kulira kwa zipewa zikagundana, mpweya wa anzako anayi mukupuma pamodzi.

"Mwana wanga, mawondo akulira ndi thupi limeneli. Ukulisungira ndani?" anafunsa mayi Odessa tsiku lina.

"Aimba foni a ligi, Amayi. Anthu amavulala chaka chilichonse."

Ndipo anaimbadi. Munali m'nyengo yachiwiri, kukuzizira, Lamont ali pa masitepe a nyumba ya eni, firiji ili kumsana. Anaitula n'kuyankha akupuma mwawefuwefu. Anali Brubaker, amene tsopano anali ku timu ina.

"Gatewood, thupi uli nalo?"

"Lonse, Kochi! Sindinataye ngakhale paundi imodzi."

"Wapakati wanga wathyoka mwendo, womulowa m'malo naye phewa laguluka. Ndikufuna munthu akwere ndege lero. Ndakumbukira mutu wako uja. Tandiuza zoona, unaphunzira kupereka mpira?"

Lamont anayang'ana manja ake. Bodza linafika pakhosi, koma mpira wopereka m'miyendo sunamizika, woyamba womwe umakuulula.

"Ayi, Kochi. Koma ndiphunzira. Ndiyamba pompano, ndiwerama mpaka kuche."

"Masewero ali Lamulungu likudzali, mwana wanga. Nthawi yophunzira inali ija." Nkhalambayo inamufunira mafuno abwino n'kudula.

Mnzake wa ntchito anakuwa ali m'munsi kuti firiji yatseka njira. Lamont anawerama, naisenza, n'kupitiriza kukwera. Foni ya ligi sinalirenso.

Anataya malo amene anamuikira m'manja chifukwa cha malo amene anangomulonjeza pafoni. Akulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.